Bilu ya cloud yakwera chifukwa cha malo opangira ndi kuyesera mapulogalamu: tiyambire pati?

Wowerenga wina watilembera motere:

"Ndine mkulu wa gulu la akatswiri olemba mapulogalamu pa kampani ina yaikulu ndithu. Zaka zitatu zapitazo tinasamutsira ntchito zathu ku cloud, kutanthauza makompyuta amene timabwereka kwa makampani ena kudzera pa intaneti. Zambiri zili ku AWS, cloud ya Amazon, pomwe mapulogalamu akale a Windows ndi SQL Server ali ku Azure, cloud ya Microsoft. Mwezi wathawu a dipatimenti ya zachuma anandiitana n'kundionetsa kuti ndalama zimene tikulipira pa malo opangira ndi kuyesera mapulogalamu zatsala pang'ono kufanana ndi zimene tikulipira pa malo amene makasitomala enieni amagwiritsa ntchito. Andipatsa miyezi itatu kuti nditsitse biluyi. Wogulitsa wina akutikopa kuti tisainire mgwirizano wa zaka zitatu kuti atichotsere mtengo, ndipo akuluakulu anga aikonda nkhani imeneyi. Nkhawa yanga ndi yakuti ndikayamba kuzimitsa ndi kufufuta zinthu, ntchito ichedwa, anzanga akhumudwa, kapenanso tidzatulutsa pulogalamu yosayesedwa bwino. Kodi ndiyambire pati?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo poyamba ndikupempheni kuti mukhazike mtima pansi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza makampani pa nkhani za cloud, vuto limeneli ndalipeza pafupifupi kulikonse kumene ndaitanidwa, ndipo silisonyeza kuti inu kapena anzanu mwalephera ntchito. Chinanso cholimbitsa mtima n'chakuti mwa mbali zonse za bilu ya cloud, mbali imene mwapatsidwayi ndi imene imatsika msanga popanda kuvulaza kasitomala aliyense, chifukwa seva (kompyuta imene pulogalamu imayendapo) yoyesera ikazima pakati pa usiku palibe amene amalephera kugula kapena kulipira. Miyezi itatu ndi yokwanira. Chimene ndikupempheni mwamphamvu ndi chakuti mgwirizano wa zaka zitatuwo musausainire panopa. Ndibwereranso pa nkhaniyo, koma kusainira lero kungakhale kulonjeza kuti mudzalipirabe zinthu zimene mwezi wamawa mudzazindikira kuti simuzifuna n'komwe.

Tiyeni tione kaye mmene vutoli limayambira. Kale, munthu akafuna seva ankalemba kalata yopempha, akuluakulu ankavomereza, kenako ankadikira masabata angapo kuti makinawo afike. Kuchokera mu 2006, pamene Amazon inayamba kubwereketsa maseva kudzera mu EC2, ntchito yonseyo imatha pa mphindi zochepa, koma chizolowezi chosiya seva ili chiyakire usana ndi usiku, chimene chinali chanzeru pamene makina anali ogula kale, tinabwera nacho ku cloud kumene ola lililonse limawerengedwa. Pamwamba pa zimenezi, malo oyesera nthawi zambiri amapangidwa pokopera malo a makasitomala, amene m'ntchito yathuyi timawatcha production. Amatengera kukula kwa maseva, ma database (nkhokwe za deta) aakulu awiriawiri ndi ma backup (makope osungira deta) a tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti amene akuwagwiritsa ntchito ndi anthu asanu okha. Ndiye pali nkhani ya umwini. Malo a production ali ndi anthu owayang'anira, koma malo amene anapangidwa kuti ayesere ntchito ina imene inatha chaka chatha alibe mwini, ndipo amene anawapanga mwina anasamukira gulu lina kapena anachoka pa kampani. Aliyense amaopa kuwakhudza, choncho amangolipiridwabe mwezi ndi mwezi.

N'chifukwa chake sabata ziwiri zoyambirira musazimitse kanthu, mungoona basi. Tsegulani Cost Explorer ku AWS ndi Cost Management ku Azure, ndipo mugawe biluyo potengera mtundu wa ntchito, kenako potengera chimene chikulipiritsidwa kwenikweni, kaya ndi maola a seva, malo osungira zinthu kapena deta yodutsa pa netiweki. Anthu ambiri amadabwa pamenepa, chifukwa amayembekezera kuti ndalama zonse zikupita ku maseva, n'kupeza kuti gawo lalikulu lili m'ma database, m'madisiki ndi m'netiweki. Nthawi yomweyo khazikitsani lamulo lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi ma tag (zizindikiro zolembedwa pa chinthucho) osonyeza mwini wake, ntchito imene chikugwira, mtundu wa malo amene chili, ndi tsiku limene chidzathe ntchito. Mwini akhale munthu kapena gulu limene mungalilembere uthenga n'kukuyankhani, osati dzina la dipatimenti yonse. Kumbukirani kuti ku AWS ma tag saoneka pa bilu mpaka mutawavomereza pa tsamba la zolipira. Ngati malo oyesera ali mu akaunti imodzi ndi production, yambani kuwalekanitsa, chifukwa akaunti yapadera imaonetsa ndalama zake yokha popanda kudalira kuti aliyense wakumbukira kuika tag, komanso imateteza makasitomala pa tsiku limene wina adzafufuta chinthu molakwitsa.

Mukatha kuona, chinthu chachikulu kuposa zonse ndi masamu osavuta. Sabata ili ndi maola 168. Tiyerekeze kuti anzanu amagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo tiwapatse maola 12 pa tsiku kuti olawirira ndi ochedwa kuweruka onse akwanemo. Amenewo ndi maola 60. Maola 108 otsalawo, amene ndi pafupifupi 64 peresenti ya sabata, mukulipira makina amene palibe akuwagwiritsa ntchito. Palibe wogulitsa amene angakuchotsereni mtengo wochuluka chonchi popanda kukumangani ndi lonjezo kapena kukhala ndi ufulu wokulandani makinawo nthawi iliyonse. Kuyambira mu Okutobala 2017 AWS imawerengera maseva a Linux pa sekondi, choncho ola lililonse limene seva yazima limaonekera pa bilu. Zida zochitira zimenezi zilipo kale: AWS ili ndi Instance Scheduler, Azure ili ndi auto-shutdown pa seva iliyonse komanso DevTest Labs, ndipo Google Cloud ili ndi ndondomeko zoyatsira ndi kuzimitsira maseva pa nthawi yoikika.

Komabe pamenepa pali misampha, ndipo ndikufuna tiikhalire pansi chifukwa ndi imene imagwetsa ulesi anthu amene anayamba bwino. Msampha woyamba ukukhudza inuyo mwachindunji popeza muli ndi maseva a Windows ku Azure. Munthu akalowa mu seva n'kuizimitsa monga mmene amazimitsira kompyuta yake, Azure imalemba kuti Stopped, koma imasungabe makinawo m'dzina lanu ndipo imapitiriza kukulipiritsani. Bilu imaima pokhapokha seva ikalembedwa kuti Stopped deallocated, zimene zimachitika mukaizimitsa kudzera pa tsamba la Azure kapena ndi lamulo loyenera. Ndinakumanapo ndi gulu lina limene linkanyadira kuti madzulo alionse aliyense amazimitsa seva yake asanaweruke, ndipo anali atachita zimenezi mokhulupirika kwa miyezi ingapo. Titatsegula mndandanda wa maseva awo madzulo ena, onse anali olembedwa kuti Stopped basi, popanda liwu lachiwirilo. M'chipindamo munangoti zii. Khama lawo linali lenileni, koma silinatsitse bilu ngakhale pang'ono, ndipo chimene chinafunika chinali kungosintha njira yozimitsira.

Msampha wachiwiri uli ku RDS, ntchito ya AWS yoyendetsa ma database. Mukhoza kuwaimitsa, koma pakatha masiku 7 amadziyatsa okha, choncho database imene munaiimitsa poganiza kuti yapuma mpaka kalekale imakhala yayambanso kudya ndalama sabata yotsatira. Imene simuifuna kwa nthawi yaitali ndi bwino kuitenga snapshot, kope la deta yake mmene ilili pa nthawiyo, n'kuifufuta. Dziwaninso kuti seva ikazima, disiki yake imalipiridwabe, ndipo deta imene ili pa disiki yosakhalitsa, ya mtundu wa instance store, imatayika seva ikaima. Palinso nkhani ya dongosolo la kayatsidwe: pulogalamu ikayaka database isanakonzeke, m'mawa anthu amapeza zinthu sizikuyenda, ndipo zikachitika kawiri kapena katatu amayamba kupempha kuti malo awo asamazimitsidwe. Yambani ndi gulu limodzi lofunitsitsa, konzani zovuta zimenezi, kenako mufalitse kwa ena. Ganiziraninso magulu amene ali m'mayiko a nthawi yosiyana ndi mayeso amene amayenda okha usiku. Chofunika kuposa zonse n'chakuti munthu aliyense akhale ndi njira yachidule yoyatsira malo ake pa nthawi iliyonse popanda kupempha chilolezo kwa wina, ndipo malowo azizimanso okha pakapita maola angapo. Ndaona kuti anthu sadana ndi kuzimitsa. Chimene amadana nacho ndi kudikira munthu wina kuti awayatsire pamene ntchito yawathina.

Chotsatira ndi kukula kwa makina. M'banja limodzi la maseva, mtengo umawirikiza kawiri mukakwera sitepe imodzi, mwachitsanzo kuchoka pa large kupita pa xlarge, ndiye kutsika sitepe imodzi kumadula mtengo pakati. Compute Optimizer ya AWS ndi Azure Advisor zimakuuzani maseva amene akugwira ntchito yochepa poyerekeza ndi kukula kwake, koma musangodalira CPU (purosesa) yokha, onaninso memory (malo amene pulogalamu imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo), chifukwa mapulogalamu ambiri a makampani, makamaka a Java, amayamba kusowa memory CPU isanatope. Database yoyesera sifunika mnzake wodikirira m'malo ena, amene AWS imawatcha Multi-AZ, pakuti zimenezo zimawirikiza mtengo pafupifupi kawiri pofuna kuteteza makasitomala amene kumalo oyesera kulibe. Madisiki a ku AWS a mtundu wa gp2 asinthireni ku gp3, imene inatuluka mu Disembala 2020 ndipo ndi yotsika mtengo ndi 20 peresenti pa gigabyte iliyonse. Kusinthaku kumatheka seva ili mkati mogwira ntchito. Maseva a AWS otchedwa Graviton, amene amagwiritsa ntchito mapurosesa a Arm, nawonso ndi otsikirapo mtengo, koma ine ndimalangiza kuti muwagwiritse ntchito poyesera pokhapokha ngati mukufuna kusamutsiranso production komweko, chifukwa kuyesera pa mtundu wina wa purosesa n'kukayendetsa pa mtundu wina kumabisa zolakwika.

Tsopano tifike pa zinthu zamasiye, zimene zinatsala ntchito yake itatha. Pali madisiki amene sanalumikizidwe ku seva iliyonse, ma snapshot a zaka zapitazo, ma load balancer (zida zogawira maseva ntchito) opanda seva kumbuyo kwake, ndi zithunzi za Docker (mapaketi a pulogalamu yokonzeka kuyendetsedwa) zimene zimaunjikana nthawi iliyonse pulogalamu ikamangidwa. Chilichonse pachokha ndi chaching'ono, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 AWS imalipiritsa $0.005 pa ola pa adiresi iliyonse ya IPv4 yoonekera pa intaneti, kaya ikugwira ntchito kaya ayi, zimene ndi pafupifupi $44 pa chaka, ndipo maseva oyesera ambiri safunika adiresi yotereyi n'komwe. Ma log (kaundula wa zimene pulogalamu ikuchita) a mu CloudWatch ya AWS amasungidwa mpaka kalekale ngati simunaike malire, pomwe kumalo oyesera masiku 7 kapena 14 amakwana. Komanso popeza pamitengo ya chigawo cha Northern Virginia kulandira ma log kumalipiritsidwa $0.50 pa gigabyte, pulogalamu imene inasiyidwa ikulemba chilichonse mwatsatanetsatane ikhoza kudya ndalama zambiri kuposa seva imene ikuyendapo.

Pofufuta zinthu zimenezi musafulumire, pajatu safunsa anadya phula. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa ndili wamng'ono pa ntchito. Ndinafufuta disiki ina imene inali yosalumikizidwa kwa miyezi yambiri, yopanda tag iliyonse, ndipo patapita masabata angapo gulu loyesa mapulogalamu linaifuna, chifukwa munali deta imene anaikonza ndi manja yoyesera kuwerengera kwa kumapeto kwa chaka, imene ankaigwiritsa ntchito kamodzi pa chaka. Anaikonzanso, koma zinawatengera masiku ambiri, ndipo chidaliro chawo mwa ine chinatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo kuti chibwerere. Kuchokera nthawi imeneyo ndimatsata njira imodzi: ndimalengeza mndandanda wa zimene ndikufuna kuchotsa, ndimazizimitsa, ndimatenga snapshot ya chilichonse chimene chili ndi deta, ndimadikira masiku 30, kenako ndimafufuta. Wina akadandaula mkati mwa masiku amenewo, ndiye kuti chinthucho chapeza mwini, ndipo dzina lake limalembedwa pa tag.

Netiweki ndi mbali imene anthu ambiri saiganizira mpaka ataiona pa bilu. NAT Gateway ya AWS, chipata chimene maseva obisika amatulukirapo kupita pa intaneti, pamitengo ya Northern Virginia, imalipiritsa $0.045 pa ola, pafupifupi $33 pa mwezi, kuwonjezera $0.045 pa gigabyte iliyonse yodutsamo. Ngati malo aliwonse oyesera anakopera ku production ma gateway atatu, ndalama za maola zokhazo zimachuluka, chikhalirecho m'malo oyesera imodzi imakwana. Koma choopsa kwambiri ndi deta yodutsamo. Makina omanga ndi kuyesa mapulogalamu amakoka zithunzi za Docker ndi mafayilo aakulu kambirimbiri pa tsiku, ndipo ngati zonsezi zikudutsa mu NAT, mukulipira msonkho pa ulendo uliwonse. Gateway endpoint, njira yachindunji yopita ku S3 (kosungira mafayilo ku AWS) ndi ku database ya DynamoDB, ndi yaulere, imaikidwa pa mphindi zochepa, ndipo imachotsa ulendo wa mafayilo a S3 pa njira yolipirayo. Deta yodutsa pakati pa ma availability zone (malo osiyana osungira makina m'chigawo chimodzi) nayonso imalipiritsidwa $0.01 pa gigabyte mbali iliyonse, choncho malo opangira mapulogalamu akhoza kukhala mu zone imodzi popanda vuto.

Ngati mumagwiritsa ntchito Kubernetes, chida chogawira mapulogalamu pa maseva ambiri, werengani ma cluster (magulu a maseva) amene muli nawo. Ku EKS, Kubernetes ya ku AWS, cluster iliyonse imalipiritsidwa $0.10 pa ola isanayendetse kanthu, pafupifupi $73 pa mwezi, koma ikatsalira pa mtundu wakale umene wadutsa miyezi 14 ya chithandizo chanthawi zonse, mtengowo umafika $0.60 pa ola, pafupifupi $438 pa mwezi. Ma cluster oyesera ndi amene amaiwalika kukonzedwa, ndiye ndi amene amagwa m'chilango chimenechi. Zofanana ndi zimenezi zilinso ku RDS, kumene kuyambira mu 2024 mitundu yakale monga MySQL 5.7 ndi PostgreSQL 11 imalipiritsidwa ndalama zowonjezera. Magulu angapo akhoza kugawana cluster imodzi, lililonse ndi namespace (gawo) yake ndi malire ake. Onaninso CPU ndi memory zimene pulogalamu iliyonse imapempha, chifukwa Kubernetes imasungira pulogalamu malo potengera zimene yapempha, osati zimene ikugwiritsa ntchito, ndipo manambala okopera ku production amachititsa kuti maseva azioneka odzaza ali opanda kanthu. Mukakonza zimenezo, Cluster Autoscaler kapena Karpenter idzatha kuchotsa maseva osafunika yokha.

Pa makina omanga ndi kuyesa mapulogalamu, gwiritsani ntchito maseva a Spot. Amenewa ndi makina otsala amene kampani za cloud zimabwereketsa motsika mtengo kwambiri, mpaka 90 peresenti malinga ndi AWS ndi Azure, koma zikhoza kuwalanda nthawi iliyonse. AWS imachenjeza kutatsala mphindi ziwiri, pomwe Azure ndi Google Cloud zimachenjeza kutatsala masekondi 30. Mayeso amene akhoza kungoyambidwanso akadukiza amayenda bwino pamenepo, makamaka mukalola mitundu ingapo ya maseva kuti wina ukasowa wina upezeke. Database yoyesera imene anthu ambiri amadalira, kapena malo amene mukuonetserapo makasitomala pulogalamu yatsopano, musaziike pa Spot.

Ku mbali yanu ya Azure, ndalama zambiri zikhoza kukhala m'malayisensi osati m'makina. Microsoft ili ndi mitengo yapadera ya Dev/Test kwa amene ali ndi Visual Studio subscription, imene imalola maseva a Windows kulipiridwa pa mtengo wa Linux, ngakhale kuti ilibe lonjezo la kupezeka kwa ntchito nthawi zonse ngati la production. SQL Server Developer edition ndi yaulere ndipo ili ndi zonse zimene mtundu wolipira wa Enterprise uli nazo, bola isagwiritsidwe ntchito pa production. Ndapezapo kangapo maseva oyesera akulipira layisensi ya Enterprise pa ola, kokha chifukwa chakuti wopanga anasankha chithunzi cha seva chomwecho chimene chili ku production.

Nkhani ya deta ndiyofunika muiganizire payokha. Makampani ambiri amakopera database yonse ya production kupita kumalo aliwonse oyesera. Zimenezi zimakakamiza kuti maseva ndi madisiki akhale aakulu, komanso zimaika mayina, manambala ndi mbiri za makasitomala pamalo amene chitetezo chake n'chochepa ndipo olowamo ndi ambiri. Malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga GDPR ya ku Ulaya imene inayamba kugwira ntchito mu 2018, sasiyanitsa malo oyesera ndi malo enieni. Kukonza kagawo kakang'ono ka deta kobisidwa mayina, kokhala ndi zitsanzo zonse zovuta zimene oyesa amafuna, ndi ntchito yotenga nthawi, mwina kupitirira miyezi itatu yanuyo, koma imachepetsa bilu ndi chiopsezo nthawi imodzi, ndipo mayeso amathamanga.

Kumene ndimafuna kuti gulu lililonse lifike pomaliza ndi malo osakhalitsa. Ngati kamangidwe ka malo anu onse kanalembedwa m'mafayilo ndi zida monga Terraform, OpenTofu, CloudFormation kapena Bicep, akhoza kupangidwa pamene wina watumiza kusintha kwake kuti kuunikidwe, n'kufufutika okha kusinthako kukalandiridwa kapena tsiku lake likakwana. Pamenepo funso loti ndani azimitse silikhalaponso. Ntchito zina sizifunika cloud n'komwe, pakuti Docker Compose kapena Testcontainers zimayendetsa database ndi zina pa laputopu ya wolemba pulogalamu. Ngati malo anu anamangidwa ndi manja, musayese kusintha zonse nthawi imodzi. Ikani lamulo lakuti ntchito zatsopano zokha ziyambe motere.

Nkhawa yanu yoti mungatulutse pulogalamu yosayesedwa bwino ndi yomveka, ndipo ndikugwirizana nayo. Malo amodzi, amene timawatcha staging, ayenera kufanana ndi production pa kamangidwe, pa mitundu ya mapulogalamu ndi pa malamulo a chitetezo, ngakhale maseva ake atakhala ochepa. Mayeso oona ngati pulogalamu ingapirire anthu ambiri amafunika makina ofanana kukula ndi enieni, ndipo pamenepo musachepetse kukula, muchepetse nthawi: pangani malowo, yesani kwa maola angapo, sungani zotsatira, kenako muwafufute. Komanso musaiwale kuti nthawi ya akatswiri anu ndi yodula kuposa maseva ambiri. Ngati kuchepetsa makina omangira pulogalamu kukuchititsa anthu khumi kudikira theka la ola nthawi iliyonse, mwangosamutsa ndalamazo kuchoka pa bilu imene a zachuma amaiona kupita pa malipiro amene saawerengera motere. Zimenezi muwauze a zachuma poyera kuyambira pa msonkhano woyamba.

Tibwerere tsopano ku mgwirizano uja. Savings Plans za AWS, zimene zinayamba mu Novembala 2019, pamodzi ndi Reserved Instances ndi ma reservation a Azure, zimachotsadi mtengo kwambiri, mpaka 72 peresenti pa lonjezo la zaka zitatu la mtundu wokhwima kwambiri. Koma tanthauzo lake ndi lakuti mukulonjeza kulipira ndalama zakutizakuti pa ola lililonse, usana ndi usiku, kaya makinawo ayaka kaya ayi. Seva imene mukuizimitsa maola 108 pa sabata ndi lonjezo lolipira maola 168 siziyendera limodzi. Mukasainira lero potengera bilu ya mwezi watha, kenako n'kuzimitsa, kuchepetsa ndi kufufuta, mudzatsala ndi lonjezo lalikulu kuposa zimene mukugwiritsa ntchito, ndipo khama lanu lonse silidzaoneka pa bilu. Yambani mwakonza, dikirani mwezi umodzi kapena iwiri kuti manambala akhazikike, kenako muone zimene zimayakabe nthawi zonse, monga staging ndi zida zimene magulu onse amagawana, pamodzi ndi production. Lonjezo ligulidwe pa gawo lokhalo, ndipo ine ndingayambe ndi chaka chimodzi cha mtundu wolola kusintha maseva. Wogulitsayo sakunama pa za kuchotsera mtengo, kungoti iye amapindula lonjezo likakula, pomwe inu mumapindula likakhala loyenerana ndi zosowa zanu.

Kuti zimene mwakonza zisabwerere mwakale, gulu lililonse lizilandira bilu yakeyake mwezi uliwonse, ndipo muike ma budget ndi machenjezo. Dziwani kuti budget ya ku cloud imangochenjeza, siimitsa kugwiritsa ntchito ndalama pokhapokha mutailumikiza ku lamulo lochita zimenezo. Yatsaninso Cost Anomaly Detection ku AWS, imene imachenjeza bilu ikakwera mosayembekezereka, ndipo muike malamulo oletsa kupanga maseva aakulu kwambiri, a GPU (mapurosesa apadera odula), kapena a m'zigawo zimene simugwiramo ntchito popanda chilolezo. Ntchito yogwirizanitsa akatswiri a mapulogalamu ndi a zachuma imeneyi masiku ano imatchedwa FinOps, ndipo bungwe la FinOps Foundation, limene linalowa pansi pa Linux Foundation mu 2020, lili ndi malangizo aulere amene mungawerenge pamodzi ndi anzanu a zachuma.

Pali nthawi zina zimene ndingakulangizeni kufuna thandizo kunja kwa gulu lanu. Bilu ikakwera mwadzidzidzi pa masiku ochepa, makamaka mukaona maseva aakulu m'chigawo chimene simuchidziwa, musaitenge ngati nkhani ya ndalama chabe. Nthawi zambiri zimenezo zimatanthauza kuti makiyi achinsinsi olowera mu akaunti abedwa, mwina chifukwa anaikidwa mu code imene inafika poyera, ndipo akuba akukumba ndalama za crypto pa akaunti yanu. Itanani a chitetezo cha makompyuta tsiku lomwelo, sinthani makiyi, ndipo dziwitsani kampani ya cloud. Pa malayisensi a Microsoft kapena Oracle funsani katswiri wa malayisensi musanasinthe kanthu, chifukwa cholakwika chimadzaonekera pa kafukufuku wa eni mapulogalamuwo ndipo chimadula. Mgwirizano uliwonse wa zaka zingapo uwerengedwe ndi a zamalamulo ndi a zogulagula, makamaka ndime yonena za chimene chidzachitike mukalephera kufika pa ndalama zimene munalonjeza. Ndipo mukaganiza zolemba alangizi amene amalipidwa gawo la ndalama zimene apulumutsa, gwirizanani kaye polemba kuti kuwerengera kukuyambira pa bilu iti. Kuzimitsa usiku ndi kufufuta zamasiye chitani nokha iwo asanabwere, kuti musadzawalipire pa ntchito imene gulu lanu likanatha kuichita lokha.

Pa msonkhano wotsatira ndi a zachuma, pitani ndi bilu yogawidwa potengera magulu, mndandanda wa malo amene ayamba kuzimitsidwa usiku ndi tsiku limene otsalawo adzayambe, ndi mndandanda wa zamasiye zimene zili m'masiku 30 odikira. Onjezanipo pempho lolembedwa lakuti nkhani ya mgwirizano wa zaka zitatu ikambidwenso m'mwezi wachitatu, manambala atsopano ali patebulo.